A Kaviyola a pa Doko la Muloza

Sabata yatha tinaphika mowa wa chikumbutso cha amalume anga a Zuze. Anthu anamwa n'kuuyamikira, koma ine sindinalaweko ngakhale pang'ono. Ndinakhala pafupi ndi nkhokwe maso ali kunjira, mpaka mlamu wanga anandiseka kuti khosi langa lidzapotoka ngati la malemuwo. Sananame ayi. Chatha chaka chiwaikire m'manda, ndipo matenda awo aja oyang'anayang'ana kunjira anandisiyira ine.

Dzina loti Zuze analitenga ku Kilimani, kunyanja yaikulu m'dziko la Apwitikizi, koma kuno ku Mulanje ndi ochepa amene ankawatchula choncho. Aliyense ankangoti a Kaviyola. Viyola ndi mawu a Apwitikizi, ndipo anyamata obwera kunkhondowa akuti chinthucho dzina lake ndi gitala. Kawo kanali kakang'ono zedi, kotalika ngati mkono wa munthu kuchokera paphewa kufika kuzala, ka nsambo zinayi, kofinyika m'chiuno. Akakapanira m'khwapa n'kufunda nsalu, sukanadziwa kuti anyamula kanthu. Mawu ake anali ochepa, moti ukaima kuseri kwa nyumba yachitatu sunkawamvanso. Kumsana kwake kunali mng'alu umene ankaumata ndi phula chaka ndi chaka.

Anakagula ali mnyamata, nthawi imene ankanyamula machila a mzungu wina wogula mtedza. Wogulitsayo anali wophika wa m'sitima ya pamadzi, munthu waludzu la kachasu, ndipo mtengo wake unali nsalu imodzi ya biriwita ndi nkhuku ziwiri. Nkhani ya nkhuku ziwirizi tinaimva mpaka makutu kutopa. Munthu akangoti kachinthu aka n'kokongola, iwo ankayankha ndi nkhuku zija, n'kuwonjezera kuti imodzi inali yotsimphina. Ankati ku Kilimani anaona zikuluzikulu za azungu, zogona m'bokosi lakelake, zofuna munthu wozinyamulira, ndipo eni ake ankachita kuopa kuzigwira. Kawoko ankati n'ka munthu wosauka, koti ukamathawa umathawa nako, ndipo kakasweka sulira kwambiri. Mawu omalizawa anali bodza lenileni. Tsiku lina kanapulumuka pachikhomo n'kugwera pamphasa, ndipo anakhalira kukatembenuza ndi kukagogoda mpaka madzulo.

Sindinaonepo munthu woopa tinthu tating'ono ngati amalume. Ankaopa chiswe, utsi, makoswe ndi manja a ana. M'mawa uliwonse asanasukusule ankakatsitsa n'kukagogoda ndi chala, khutu ataligunditsa pamimba pake, kumvetsera ngati mwalowa kachilombo. Nthawi ya chiperoni, nkhungu ikatsika m'phiri, nsambo zinkalefuka, ndiye ankakalowetsa m'kati mwa nsalu kuti kamve kutentha kwa thupi lawo, eni ake mano akugundana. Paliponse pamene paphedwa mbuzi ankafika oyamba kudzapempha matumbo opotera nsambo. Azimayi ankawanena kuti a Kaviyola amalanda ndiwo za ana n'kukaziimbitsa nyimbo. Iwo ankangoseka pang'ono, matumbo ali m'manja, maso ali kumtsinje.

Nyumba yawo inali yomalizira, pamtunda pa doko limene anthu amawolokerapo Muloza pochokera kwa Apwitikizi. Pansi pa mkuyu panali mwala wathyathyathya. Akaweruka kumunda, kapena kuthangata ya mzungu mwini malo, ankakhala pamwalapo n'kuyamba kuimba. Chodabwitsa n'chakuti omvetsera ankawapatsa msana. Nkhope inkayang'ana tsidya. Kukangotulukira gulu la anthu osenza mitolo, nyimbo inkadukira pakati. Ankaimirira n'kutsetsereka mpaka m'mphepete mwa madzi, n'kumayang'anitsitsa mayi aliyense kumaso, mpaka amuna a eni ake kuyamba kutsokomola. Kenaka mafunso: mwachokera phiri liti, mwadzera njira iti, simunakumane ndi mayi wakutiwakuti wa mphini zitatu patsaya. Alendo akapukusa mitu, ankawagawira makaka a chinangwa ndi madzi akumwa, n'kubwerera pamwala kukapitiriza nyimbo pomwe anailekera.

Amene ankawafunawo anali amayi anga, a Nampulo, mlongo wawo.

Tinachoka kwathu chaka chimene asipayi, asilikali achikuda a Apwitikizi, ankayenda mudzi ndi mudzi kumanga amuna ndi kutentha nkhokwe. Abambo anali atawatenga kale. Ine ndinali ndisanathe msinkhu. Uthenga utafika woti asipayi agona mudzi wachiwiri kuchokera kwathu, amayi anali m'chikuta, atangobereka mwana wamwamuna masiku atatu apitawo. Mchombo unali usanagwe. Azamba anakanitsitsa kuti mwana wotere satuluka panja, poti mchombo ukagwera m'njira wina akautola, mwanayo sakhala munthu. Amalume anapempha, anakalipa, anagwada, koma mwamuna saloledwa ngakhale kusuzumira m'chikuta. Analankhulana ndi mlongo wawo ataima kuseri kwa khoma, ine nditagwira nsalu yawo.

"Achimwene, tengani anawa muwoloke nawo," anatero amayi m'katimo. "Mchombo ukagwa ndikutsatirani."

"Ndikawasiya tsidya ndibwerera ndidzakutenge. Usasunthe."

"Nanga asipayi akafika musanabwere? Ndikathawa ndekha ndikakupezani bwanji? Akuti anthu akuwoloka ngati linthumbu."

Amalume anakhudza nsambo imodzi kuti amayi amve.

"Ukawoloka Muloza ufunse munthu wa kaviyola. Dziko lonse lino palibe winanso ali nako. Ndikhala padoko pomwepo, sindichoka."

Tinayenda masiku awiri, ine, mng'ono wanga ndi amayi aang'ono. Atatisiya tsidya lino, amalume anabwerera osapuma. Anakapeza phulusa. Munalibe munthu, wamoyo kapena wakufa, ndipo chikuta chija chinali chitapsa pamodzi ndi nyumba zina zonse. Anazungulira m'mapiri mwezi wathunthu, kenaka mantha anawagwira kuti mwina amayi afika kale padoko ndipo akufunsa munthu amene palibe. Anathamanga kubwerera. Kuyambira pamenepo mwendo wawo sunkafuna kutalikira mwala uja, ndipo akapita kutali ankabwerako ali wefuwefu, funso lili pakamwa: sikunabwere munthu?

Lonjezo limeneli linawadyera zambiri. Anakwatira mayi wina wa Chimang'anja, wamasiye, munthu wabwino wodziwa kuumba mbiya. Mwambo ndi woti mwamuna akamange kwawo kwa mkazi, ndipo kwawoko kunali kumtunda, dothi lake lokoma. Amalume anazengereza dzinja limodzi, kenaka lachiwiri. Mayiyo anatopa, nawafunsa pamaso pa ankhoswe ngati anakwatira iye kapena kabokosi. Iwo anayankha moona mtima kuti kabokosiko ndi kamene kanayamba. Ukwati unathera pomwepo, ndipo mayi uja anatenga mbiya zake zonse kupatula imodzi yong'aluka.

Mkangano waukulu unali ndi amayi aang'ono. Mng'ono wanga atadwala kwambiri, amayi aang'onowo anapita kukaombeza, ndipo ula unati mzimu wa amayi ukuyendayenda chifukwa sitinawalire. Akuluakulu anagwirizana zoika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa mtembo, monga timachitira munthu akafera kutali, kuti timete tiiwale. Thunthulo analidula n'kulikulunga mumphasa. Amalume anafika ndi chikwanje, nalimasula, naliwazawaza n'kuponyera mbuzi. Ankati munthu wamoyo ukamuika m'manda, miyendo yake imafooka kulikonse kumene ali. Mng'ono wanga anachira yekha, koma amayi aang'ono sanawalankhule mpaka tinakolola kawiri. Amalumewo ankangoti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Khofi atakanika, mzungu anayamba kubzala tiyi, ndipo kapitawo anabwera kudzatiuza kuti mudzi wonse usamuke. Anatipatsa malo kutsinde kwa phiri, ulendo wa theka la tsiku. Ine ndinali nditakwatiwa. Tonse tinasenza madenga ndi mitondo, koma amalume, mwinimbumba wathu amene anayenera kutitsogolera, anakana. Anapita kwa kapitawo kukachonderera kuti pamene pali nyumba yawo ndi pamiyala, tiyi sangamere. Kapitawoyo anawalola atalonjeza kukaimba paukwati wa mwana wake. Anatsala okha padoko ndi mbuzi imodzi. Ndinkawatengera ufa ndi nandolo mwezi ndi mwezi, ndipo ulendo uliwonse ndinkayenda mtima uli m'mwamba, kuopa kukawapeza atajiwa ndi kambuku kapena atatengedwa ndi madzi.

Ndiyenera kunena zoona. Kaviyola kaja ndinkadana nako. Nyimbo imene ankaibwereza kwambiri inali ya amayi, imene ankaimba posinja, yonena za mpheta yakuba mapira. Amalume anaiwonjezera mayina, lawo, la amayi ndi la doko. Anthu ena ankaimva kukoma, ana ankavina. Ine ikangoyamba ndinkadzuka n'kuchokapo. Munthu amafuna alire kamodzi amalize, koma iwo ankanditsegula chilonda tsiku lililonse limene ndawayendera.

Tsiku limene ndikufuna anthu adzawakumbukire nalo linafika nkhondo ya azungu itangoyamba kumveka. Ndinawakakamiza kuti andiperekeze ku Limbuli kukagula mchere, poti nsalu yawo inali itatha ndipo ndinkafuna asankhe ina. Anavomera monyinyirika. Tili pakhonde pa sitolo ya mmwenye, dzuwa lili pamutu, tinamva nsambo zikulira kuseri. Amalume anagwira m'khwapa mwawo. Kawo kanali pomwepo.

Kuseriko kunali bambo wina wovala chipewa, dzina lake Sabuni, amene ankagwira ntchito m'sitima za pamtsinje ku Chinde. Anali atakhala pabokosi, anthu atamuzungulira, akukwapula kagitala konyezimira kofanana ndendende ndi ka amalume. Tina tiwiri tinali tili gone pansalu.

"Iwe, wakatenga kuti kameneko?" anafunsa amalume, opanda ndi moni womwe.

"Ku Chinde, achikulire. Mukufuna? N'totchipatu, ngakhale mbuzi sikwana kutha. Ndatsala nato tiwiri."

"Watsala nato? Unabwera nato tingati?"

"Tinayi. Kena ndagulitsa kwa kapitawo wina wa ku Chonde. Aka n'kanga."

"Ndili ndi mbuzi yaikazi, ili ndi bere. Itenge. Undipatse tonse, ndi ka ku Chondeko ukakalande."

Sabuni anakankhira chipewa kumbuyo. "Mutani nato tonse? Manja muli nawo angati, achikulire?"

"Nditentha."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Sabuni naye anaseka, koma osati mwachipongwe. "Abale inu, ku Chinde timeneti timalendewera m'sitolo ngati nsomba zouma. Sitima iliyonse ikubwera nato. Mutentha tingati?"

Amalume anatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera, mchere ndi nsalu zitaiwalika. Ndinawathamangira. Tinayenda mtunda wautali, kenaka anaima pakati pa njira.

"Saliya," anatero, poti ndilo dzina langa, "akawoloka n'kufunsa munthu wa kaviyola, amulozera kuti tsopano? Amulozera ku Chonde. Akakafika akapeza nkhope yachilendo. Aganiza kuti ndinafa, kapena kuti ndinagulitsa. Abwerera."

Manyazi a kusekedwa kuja anali akundiwotchabe, ndipo pakamwa panga panatuluka zimene ndinazisunga zaka zambiri.

"Amalume, amayi anafa! Anafa kalekale. Mukudikira ndani? Mwataya mkazi, mwataya mbumba, lero mwasanduka choseketsa cha pamsika chifukwa cha munthu amene mafupa ake anaola."

Amalume anandifunsa: "Unauona mtembo wake?"

"Ayi."

"Inenso ayi. Ndinafukula phulusa lonse la chikuta chija ndi manja awa. Munalibe fupa."

Ndinagona kwawo masiku anayi chifukwa ndinkaopa kuwasiya. Masiku onsewo sanaimbe, sanadye kwenikweni, ndipo ngakhale kugogoda kwa m'mawa kuja anasiya. Ankangokhala pamwala manja ali pamaondo. Ine amene ndinkadana ndi nyimbo ija ndinapeza kuti chete ameneyu ndi woopsa kuposa. Ndinabisa chingwe cha mbuzi ndi mpeni wawo.

Tsiku lachisanu anagwira nkhuku, nandiuza kuti ndiwatsatire. Tinamupeza Sabuni kwa mchemwali wake akusoka nsapato. Amalume, munthu wa imvi, anagwada pafumbi pamaso pa bambo wa msinkhu woti n'kukhala mwana wawo, naika nkhuku pansi, nawomba m'manja.

"Dzukani, achikulire, mundipatsa tsoka!" anatero Sabuni, nsapato itagwa.

"Ndidzuka ukandimvera."

Anamufotokozera zonse, za chikuta, za mchombo, za phulusa, zimene sanauzepo mlendo aliyense mwatsatanetsatane. Kenaka anapempha chinthu chimodzi. Popeza sangathe kutentha tonse, aliyense wokhala ndi kagitala aphunzire nyimbo ya mpheta ija ndi mayina ake, ndipo mayi aliyense akadzafunsa, amulozere kudoko la Muloza. Sabuni anavula chipewa. Anati nkhukuyo abwerere nayo, koma nyimboyo aphunzira, ndipo aliyense wogula kwa iye azimutumiza kwa a Kaviyola.

Mphunzitsi wake anali wovuta. Sabuni ankaimba mwaphokoso ngati akuthamangitsa anyani m'munda, ndipo amalume ankamumenya zala ndi kaphesi. Ankamuuza kuti kachinthu kakang'ono sukakalipira, umakanyengerera, ndipo kuti ng'oma imaitana mudzi wonse ndi asipayi omwe, koma aka kamaitana yekhayo amene watchera khutu. Anayenda wapansi mpaka ku Chonde kukaphunzitsa kapitawo uja, atandisiya ine pamwala kuti ndilondere doko. M'zaka zotsatira timagitala tinachuluka, ndipo aliyense amene kake kaduka nsambo kapena kang'aluka ankabwera nako kwa iwo. Ankakonza ulere. Malipiro anali nyimbo ija basi. Musaganize kuti mtima wawo unakhala pansi. Nkhawa inangosintha malo. Tsopano ankaopa kuti wina alakwitsa dzina la mtsinje, ndiye ankawafunsa mobwerezabwereza ngati ana a sukulu ya mishoni.

"Doko liti?"

"La Muloza, achikulire."

"Osati Ruo?"

"Ayi, Muloza."

"Nenanso."

Nkhondo itakula, boma linayamba kugwira amuna kuti akhale a tengatenga, onyamula katundu wa asilikali. Sabuni anagwidwa, napita ndi kagitala kake kali kumsana, pamwamba pa mtolo. Gulu lawo linawoloka kulowa dziko la Apwitikizi kutsatira Ajeremani. Amalume boma linawasiya chifukwa cha ukalamba, koma anaima padoko tsiku limenelo kukuwira aliyense amene ankamudziwa kuti akaimbe kulikonse kumene akagone. Msilikali wina anawakankha ndi mfuti, iwo anadzuka n'kupitiriza kukuwa.

Nkhondo itatha kunabwera mliri wa chifuwa umene unapululutsa anthu m'midzi yonse. Amalume unawapeza kumayambiriro kwa mvula. Ndinafika atagona kale masiku atatu, milomo itauma, kaviyola kali pambali pawo pamphasa. Anandiuza kuti nditsegule chitseko kuti aziona njira. Masana a tsiku lomaliza anandigwira dzanja.

"Saliya, nyumbayi musagwetse. Wina akhalemo. Kaviyolaka mukapachike pakhonde, poonekera. Ngakhale wosadziwa kuimba, azingokhudza nsambo."

"Ndamva, amalume."

"Wamva, kapena wavomera?"

"Ndavomera."

Anamwalira dzuwa lisanapendeke.

Kwathu munthu akafa, nyumba yake timagwetsa tikameta, ndipo chinthu chimene ankachikonda kwambiri chimapita naye, kuopa kuti mzimu ungamabwerere kudzachifuna. Akuluakulu anati makamaka uyu, amene anakana mkazi chifukwa cha kabokosi, akakasiya kunja sationetsa tulo. Anatinso nyumba yofera munthu wa mliri ndani angagonemo. Amayi aang'ono anali atamwalira sabata yomweyo, choncho mayi wamkulu wa mbumba ndinali ine, ndipo anandifunsa. Ndikanatha kunena zimene ndinalonjeza. Palibe amene anamva lonjezolo koma ine ndekha. Ndinali nditatopa ndi maliro, nditatopa ndi njira ya kudoko, nditatopa ndi kudikira kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kumene sikunali kwanga kusankha. Ndinati aikeni nako, ndipo nyumba gwetsani. Anakaika pachifuwa pawo m'kati mwa mphasa. Tsiku logwetsa nyumba ndinamva kupepuka, ndipo sindibisa.

Mvula itatha, anthu akukolola, kunafika munthu pakhomo panga, wowonda, wopanda chipewa, akuyenda ndi ndodo. Sindinamuzindikire mpaka atalankhula. Anali Sabuni. Anati anadwalira kutali, ndipo atafika padoko n'kupeza bwinja, anatha masiku akufunsa kumene tinasamukira.

"Mayi, achikulire aja ali kuti?"

Ndinamuuza. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

"Mlongo wawo uja ndinawapeza," anatero. "Kuseri kwa mapiri, masiku asanu ndi limodzi kuchokera pa Muloza. Tinamanga msasa pamudzi wina, azimayi akutisinjira chimanga. Ine ndinkaimba ya mpheta ija. Mayi wina anasiya munsi n'kubwera kudzaima patsogolo panga. Anaimaliza yekha nyimboyo, mawu amene achikulire sanandiphunzitse n'komwe."

"Mphini?" ndinafunsa.

"Zitatu, patsaya ili. Anati dzina lawo ndi a Nampulo. Anagwidwa m'njira chaka chomwe chija n'kugulitsidwa kwa mwini mudziwo. Mwana uja ali moyo, ndi mnyamata wamtali kuposa ine. Anandifunsa ngati achimwene awo akadali padoko. Ndinati ali pomwepo, sachoka. Anati mwini mudziyo wakalamba, mvula ikatha, madzi akaphwa, athawa abwere."

Sindikumbuka ngati ndinatseka chitseko. Ndinathamanga ulendo wa theka la tsiku uja, ndikugwa n'kudzuka, ndikupemphera kwa Mulungu wa kumishoni ndi kwa mizimu yomwe kuti madzi akhale asanaphwe. Ndinapeza Muloza ali m'maondo. Pamiyala panali azimayi awiri akuchapa, achilendo, owoloka chaka chomwecho.

"Pepani amayi, sikunabwere munthu kufunsa wa kaviyola?"

Anayang'anana. "Anabwera," anatero wamkuluyo. "Mayi wa imvi ndi mnyamata wamtali. Papita masiku, mwezi uno usanaoneke."

"Munawauza chiyani?"

"Tinawalozera pabwinjapo. Tinati tinamva kuti mwini wake anafa ndi mliri, ndipo kachinthu kake anamuika nako. Mayiyo anakhala pamwalapo tsiku lonse. Anagona pomwepo. M'mawa anafunsa ngati malemuwo anasiya abale. Ife ndife obwera, mayi, tinati sitikudziwa. Tinati pakanakhala abale, bwenzi wina atatsala pano."

"Analowera kuti?"

Wamkuluyo anati anawolokanso kubwerera. Wamng'onoyo anati ayi, anawaona akukwera njira ya ku Limbuli. Anayamba kutsutsana, aliyense akulumbira, ine nditaima pakati pawo. Ndinapita ku Limbuli, ndinapita ku Chonde, Sabuni anafunsa m'makomboni a minda ya tiyi. Ena amati anaona anthu otere akupita ku Thyolo, ena amati sanaone. Mpaka lero sindikudziwa tsidya limene amayi anga ali. Chimene ndikudziwa n'chakuti amalume ananena zoona zaka zonsezo, ndipo amene anawanamiza ndine.

Ndinapempha kapitawo kuti ndimangenso padoko. Anakana, nati chilolezo chija chinali cha munthu mmodzi ndipo chinapita naye. Choncho ndimapitako ndikapeza mpata, kawiri kapena katatu pamwezi, amuna anga akudandaula kuti munda ukulowa thengo. Masiku ena onse pamakhala popanda munthu, ndipo masiku amenewo ndi amene amandidya mtima.

Pamene panali nyumba pano ndi kachulu ka dothi losungunuka ndi mvula. Pamera nsatsi ndi chisoso, ndipo maungu ayanga kudutsa pamene panali chitseko. Mkuyu ulipo, mwala ulipo. Pambali pa mwalawo pali mafuwa atatu ang'onoang'ono akuda ndi utsi, amene azimayi aja anati ndi pamene alendo awiriwo anaphikira. Udzu wayamba kuwakwirira, ndipo ndimauzula ndi manja. Anthu akuwolokabe. Akatulukira ndimaimirira n'kutsetsereka kumadzi kukayang'ana azimayi kumaso, koma ndinasiyana ndi amayi ndili mwana, ndipo azimayi a imvi a mphini zitatu ndi ambiri. Amene akanawadziwa ndi kayendedwe kokha ali kumanda. Nyimbo ija ndimayesa kuiimba ndi pakamwa, koma madzi amaimeza isanafike tsidya. Alendo amandipatsa moni, amakonza mitolo yawo pamutu, n'kupitirira. Pamalopo palibenso chimene chingamuimitse munthu.